Ntchito ya Lonjezo M'munda wa Mphesa

Ulendo umenewu unayamba ndi khadi ya foni imene inatha ndisanamalize kulankhula. Munali mu 2003. Khadiyo ndinagula pa kashopu kena ka pa Lafayette Road, kuno ku Indianapolis, kumene tinkagulanso ufa ndi nyama ya mbuzi, ndipo ndinaimbira Amayi ku Linthipe kuti ndiwauze za mlongo wanga wamng'ono, Lonjezo. Foni inali ya aphunzitsi ena oyandikana nawo nyumba, ndipo mawu ankamveka ngati munthu akulankhulira mumtsuko. Ndinati, "Amayi, Lonjezo wapeza ntchito ku munda wa mphesa." Ndinangomva nthungululu, kenako foni inaduka.

Chimene ndinkafuna kufotokoza n'chakuti Lonjezo, amene anabwera kudzaphunzira zaubusa pa koleji ina kufupi ndi South Bend, anasiya sukuluyo patatha zaka ziwiri. Anayamba kutsuka mbale pa hotela ina m'tauni, kenako kusenda mbatata, kenako kuphika, mpaka mkulu wina wophika anamutenga kupita naye ku Long Island, kuseri kwa New York. Kumeneko kuli minda ya mphesa zopangira vinyo m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo pakati pa munda wina pali malo odyera anthu olemera. Koma kwa munthu wokulira m'tchalitchi ngati Amayi, munda wa mphesa ulipo umodzi wokha, wa Ambuye. Pofika Lamulungu mpingo wonse unali utamva kuti mwana wa a Naphiri wamaliza maphunziro ndipo akutumikira.

Ndikanatha kugula khadi ina tsiku lomwelo, koma sindinagule. Bambo athu anafa ndi mowa ife tili aang'ono, ndipo Amayi atawaika analumbira kuti sadzadyanso pamalo pogulitsa mowa. Si munthu wolumbira zachibwana. Alongo awo enieni atatsegula bala, Amayi anasiya kudya kwawo, moti ngakhale pamaliro a mlamu wawo anapita ndi mbatata zawo m'kansalu. Ine ndi Lonjezo tinaopa kuti choonadi chimuchotsa pa mtima wa Amayi, choncho tinangokhala chete. Iye anaphunzira kuyankha mosanama koma mosanena zoona. Akamufunsa kuti ntchito ya m'munda ikuyenda bwanji, ankati zipatso zikucha bwino, anthu akubwera ambiri makamaka Lamulungu, ndipo palibe amene amabwerera ndi njala. Amayi ankati ameni.

Mu 2006 Amayi anabwera kudzatiyendera ku Lawrence, dera la ku Indianapolis kumene timakhala, kwa miyezi itatu. Lonjezo ankangoti abwera sabata yamawa, sabata yamawa, mpaka Amayi anagamula okha kuti mtumiki sasiya anthu ake, ndiye ife ndi amene tipite, ndipo tikafike Lamulungu kuti akamumve akulalikira. Za ndege anakana. Anati mapazi awo anatupa pobwera, ndipo adzakweranso kamodzi kokha, pobwerera kwawo. Kenako anatulutsa m'sutikesi nsalu yoyera yoyala pagome la mlaliki imene amayi anzawo a kumpingo anasoka, ya dzina la Lonjezo m'mphepete.

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa, mwezi wa Okutobala. Ana ndinawasiya ndi bambo awo dala, chifukwa mwana wanga wamkazi amayankha m'Chingerezi koma Chichewa amamva chonse, ndipo pakamwa pake palibe chitseko. Amayi anali atakonza kamba ngati tikuthawa nkhondo: nkhuku yokazinga, mtedza, mandasi, mbatata zophika ndi tiyi m'fulasiki. Msewu wa ku South Bend nthawi imeneyo unkadutsa pakati pa Kokomo, ndipo maloboti a m'tauni imeneyo ankakuimitsa ngati uli nawo mlandu. Pa loboti iliyonse ndinkati ndiwauze, koma ikangoyaka yobiriwira ndinkameza mawu. Amayi anali otanganidwa ndi chimanga chouma cha m'mbali mwa msewu. Anafunsa ngati eni ake onse adwala, poti chimanga chauma chonchi koma m'munda mulibe munthu ndi mmodzi yemwe.

Ku South Bend tinakasiya galimoto yanga yokalamba kwa a Mwale, bambo wa ku Kasungu amene amajambula mafupa pachipatala, n'kukwera vani yawo. Anavomera kutiperekeza chifukwa Lonjezo anakhalapo m'chipinda chawo chapansi ali pasukulu, ndipo nkhani yonse ankaidziwa. Tikulongedza katundu anandikokera pambali.

"Sisteri, nkhani ija mwaihandula?"

Ndinapukusa mutu.

"Ine ndiye ndingodiraiva basi. Akandifunsa ndinena kuti ndimayang'ana msewu."

Tsoka lake, akazi awo a Mwale, mwa ufulu wawo, anatulukira ndi katoni ya mabuku a Lonjezo kuti timutengere, poti ikungowadzazira malo. Amayi anaitsegula. Munali mabuku ake onse a zaubusa, fumbi lili mbuu, ena asanatsegulidwe n'komwe. Anapukuta limodzi ndi nsonga ya chitenje, analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kulibwezera. Sanafunse kanthu, ndipo ine kusafunsako ndi kumene kunandiopsa.

Tinalowa msewu wolipira wopita kum'mawa dzuwa litapendeka. A Mwale ndi munthu woti akakhala pa chiwongolero pakamwa sipapuma. Anatifotokozera za tauni ya Elkhart, za mtengo wa petulo, za mzungu wina amene anameza mphete n'kubwera kudzajambulitsa. Pa geti lililonse Amayi ankafunsa kuti msewu umenewu mwini wake ndani, ndipo a Mwale ankati ndi boma. Amayi anati boma logulitsa msewu kwa anthu ake ndiye aliona lero. Ohio ndi wafulati ngati lichero, ndipo tinamudutsa tikudya nkhuku. Toledo tinangomuonera patali. Tinagona pa motelo ina pafupi ndi Youngstown, ine ndi Amayi chipinda chimodzi, ndipo ndinanamizira mutu kuti ndigone msanga.

Loweruka tinalowa m'mapiri a Pennsylvania. Mitengo inali itafiira mbali zonse, a Mwale akuyamikira, Amayi akuti kwathu mtengo ukafika pamenepo ndiye kuti wapsa. Titadutsa DuBois, kutsogolo kunamveka phokoso ngati munthu wamenya chitseko ndi lamba, kenako kanyali kofiira kanayaka.

"Injini yaovahita," anatero a Mwale, n'kupatukira kumbali.

Lamba wa injini anali ataduka. Tinakhala m'mbali mwa msewu ola lathunthu, malole akudutsa n'kumagwedeza vani ngati akufuna kuinyamula. Galimoto yokoka inatitengera ku garaji ina yaing'ono kufupi ndi Clearfield. Makaniko anali bambo wandevu wosafulumira pa chilichonse. Anati lambayo alibe, ndipo mpope wa madzi nawo wawonongeka, zonse azitumitsa ku tauni ina ndipo zifika masana. Masana ake sananene kuti a tsiku liti.

Tinadikira maola asanu. M'chipinda chodikiriramo munali mipando itatu, kalendala ya chaka chatha ndi makina a khofi amene ankameza ndalama osatulutsa kanthu. A Mwale anakaima pafupi ndi makaniko kumamulangiza ntchito yake yomwe. Ine ndi Amayi tinatuluka kukakhala pa benchi yoyang'ana mulu wa matayala. Anasenda mbatata, anandigawira theka, ndipo ndikutafuna anafunsa mofatsa.

"Esinati, mpingo wa Lonjezo dzina lake ndi chiyani?"

Ine ndine namwino, ndauzapo anthu ambiri nkhani zoipa maso ali gwa, koma tsiku limenelo ndinalankhula ndikuyang'ana matayala. Ndinanena zonse: za khadi ija, za kusiya sukulu, za mbale, za khitchini, ndi kuti munda wa mphesawo ndi munda weniweni wa dothi, umene mphesa zake amafinya n'kupanga vinyo wogulitsa pamalo pomwepo pamene Lonjezo amaphika. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto. Anafunsa ngati vinyoyo ndi wa mgonero. Ndinati ayi, ndi woledzeretsa.

Sanalire ndipo sanandikalipire. Anapinda makoko a mbatata m'pepala bwinobwino, n'kufunsa kuti nanga amayi amene anasoka nsalu ija akawauza chiyani. Kenako anati galimoto ikakonzedwa tibwerere ku Indianapolis. Anatembenukira kumbali, ndipo kwa maola atatu otsalawo sanandiyankhulenso. Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chikhalire, chifukwa ndinaona kuti chimene chinawapweteka kwambiri si vinyo, koma kuti ana awo awiri anawasandutsa choseketsa kwa zaka zitatu.

Vani inatuluka m'garaji cha m'ma 4 koloko. Pa mphambano yolowera msewu waukulu pali zikwangwani ziwiri, china cha kum'mawa, china cha kumadzulo. A Mwale anaima pakati, galimoto ya kumbuyo ikuimba hutala, n'kuyang'ana pa galasi.

"Amayi, tilowere kuti?"

"Pitani kumene timapita," anatero Amayi. "Ndikamuone ndi maso anga. Koma chakudya chake sindikadya."

Tinagona ku Stroudsburg. Tisanadye chamadzulo ndinatuluka panja n'kumuimbira Lonjezo kuti Amayi akudziwa, ndipo akuti sadya. Iye anati tebulo wasungitsa kale, tingobwera.

Lamulungu m'mawa Amayi anavala diresi wamba, zovala zawo zakutchalitchi n'kuzisiya m'chikwama. New Jersey tinamudutsa bwino, koma pa mlatho waukulu wolowera New York tinaima pafupifupi ola, magalimoto ali bampa kubampa. Titawoloka, a Mwale amene ankadzitama kuti New York amamudziwa ngati m'thumba mwawo anayamba kutuluka thukuta. Anati tamisa ekiziti, tapitirira popatukira, ndipo tinazungulira m'Bronx kawiri, kudutsa pa shopu imodzimodzi ya matiresi. Ndinatsika kukafunsa njira pamalo omwetsera petulo. Ndinaona Amayi akupereka mtedza kwa a Mwale kuti mtima ukhale pansi.

Tinawoloka mlatho wina n'kulowa Long Island. Nyumba zinayamba kuchepa, ndipo titapitirira Riverhead tinayamba kuona minda ya maungu, kenako mizere ya mphesa yokutidwa ndi maukonde oletsa mbalame. Mphepo inkanunkha mchere. Tinafika cha m'ma 2 koloko.

Malo odyerawo anali nyumba yamatabwa yokhala ndi mawindo aakulu, mbali ina kuyang'ana munda, mbali ina kuyang'ana madzi. Pakhomo panali tebulo lalitali pamene alendo ankalawa vinyo. Munthu ankazunguza tambula, kununkhiza, kupsontha pang'ono, kuchukucha m'kamwa, n'kulavulira m'kandowa kachitsulo. Amayi anaima n'kufunsa a Mwale ngati vinyoyo wawola. A Mwale anafotokoza kuti ayi, amatero pofuna kumva kukoma popanda kuledzera. Amayi anati azungu ali ndi nthawi.

Anatikhazika pafupi ndi windo. Nsalu ya patebulo inali yoyera kuposa mashiti a kuchipatala kwathu, ndipo munthu aliyense anali ndi mafoloko atatu, mipeni iwiri ndi matambula anayi. Amayi anaika chikwama chawo cha kamba pamiyendo, n'kuvundikira matambula awo limodzilimodzi. Woperekera zakudya anali mayi waulemu wa tsitsi la imvi. Anabweretsa buku la mayina a vinyo lokhuthala ndithu, ndipo a Mwale analiyang'ana ndi maso achisoni n'kunena kuti akuyendetsa galimoto. Lonjezo sanatuluke. Mayiyo anati ali pamoto, ndipo watikonzera yekha zakudya zisanu ndi chimodzi, zobwera motsatana.

Choyamba chinali nkhono za m'nyanja zosaphika, zitagona pa ayisi. Mayiyo anafotokoza dzina la gombe limene anazitolako m'mawa womwewo, ngati akutidziwitsa kwa achibale. A Mwale anameza imodzi atatsinzina. Chachiwiri chinali msuzi wa maungu wothiridwa patebulo pomwepo, wokwana masipuni asanu. Chachitatu chinali kansomba kofanana ndi bokosi la machesi, kali pakati pa mbale yaikulu ngati beseni, pamwamba pake pali tsamba limodzi. Ndinkafuna kuseka, koma nditalawa ndinasiya. Sindinadyepo nsomba yotero, ndipo zinandipweteka kuti wophika wake ndi mwana amene ndinkamubereka kumbuyo, koma mayi ake sakufuna n'kuinunkhiza komwe.

Amayi ankatulutsa mtedza m'chikwama n'kumatafuna, maso ali pa munda. Mbale yawo iliyonse inkabwerera kukhitchini momwe inabwerera. Mayi woperekera uja anandifunsa monong'ona ngati pali chimene amayi anga sadya, kuti akauze ophika. Ndinati ophika akudziwa kale.

Chachinayi chinali bakha wophikidwa ndi mphesa zakuda. Mbale zitangoikidwa, chitseko cha kukhitchini chinatseguka ndipo Lonjezo anatuluka. Anali atavala zoyera za ophika, wowonda kuposa mmene ndinamuonera komaliza. M'dzanja lina ananyamula mbale yachitsulo yokandiramo ufa, lina jagi ya madzi ofunda, thaulo lili paphewa. Anadutsa pakati pa matebulo onse, anafika pambali pa Amayi, n'kugwada pansi monga timachitira kwathu posambitsa akulu m'manja. Anthu a patebulo loyandikana nafe anasiya kudya. Amayi ndi mwana wawo anali atatha zaka zisanu ndi chimodzi osaonana.

Manja a Amayi anakhalabe pa chikwama. Anamusiya chigwadire nthawi yaitali.

"Umamwa?" anafunsa Amayi.

"Ndimalawa, Amayi, kuti ndidziwe chophika nacho. Ndikalawa ndimalavula."

"Masiku onse?"

Ndinamutsinzinira diso kuti avomere, koma sanandiyang'ane.

"Masiku ena ndimameza," anatero. "Sindinaledzerepo. Koma sindikufunanso kukunamizani."

Ndinaganiza kuti basi zatha, ndipo ndinayamba kufunafuna makiyi a vani patebulo. Koma Amayi sanadzuke. Anali akuyang'ana manja amene anagwira jagi. Analanda jagiyo n'kuiika pansi, anagwira manja a Lonjezo n'kuwatembenuza. Inenso ndinali ndisanawaonetsetse. Kuyambira pa zala mpaka m'zigongono munali zipsera zokhazokha, za mafuta, za uvuni, za mpeni, zina zakale zoyera, china chatsopano chomata pulasitala. Chala chimodzi chinalibe nsonga. Amayi anafunsa kuti chalacho chinaduka liti, ndipo iye anati chaka chathachi, ndipo kuchipatala anapita yekha pa basi.

Amayi anasisita chalacho ndi chala chawo chachikulu. Polankhula mawu awo anali otsika, moti ine ndi a Mwale tinachita kuwerama kuti timve.

"Zaka zitatu ndakhala ndikupempherera pakamwa pako, kuti uzilalikira bwino. Mpingo wonse wakhala ukupempherera pakamwa pako. Manjawa panalibe amene amawapempherera."

Kenako anandiyang'ana ine, ndipo sindinathe kupirira maso awo. Lonjezo ankalira mwakachetechete, misozi ikugwera m'mbale yachitsulo ija.

Amayi anachotsa chikwama cha kamba pamiyendo n'kuchiika pansi. Anatambasula manja awo pamwamba pa mbale, Lonjezo anatola jagi n'kuthira madzi, ndipo Amayi anasamba mosafulumira mpaka m'mikono. Atapukuta, anakankhira mafoloko onse atatu kumbali, anakokera mbale ya bakha pafupi, n'kumuuza Lonjezo kuti adzuke akhale pampando, chifukwa iwo sadya mwana wawo ali chigwadire.